Kusandutsa nyumba yakale kukhala shopu ku Johannesburg

Achimwene, mwafunsa poyambira pa nyumba yakale ya ku Jeppestown imene abwana anu akufuna isanduke shopu.

Choyamba, fufuzani zaka zake. Ikapitirira zaka 60, lamulo la 1999 limaletsa kugumula kapena kusintha popanda chilolezo cha PHRA-G, bungwe la boma loteteza nyumba ndi malo akale m'chigawo cha Gauteng. Pulani ipitenso ku khonsolo ya mzinda.

Musanagwire hamala, jambulani zithunzi paliponse.

Kenako denga ndi mipope ya madzi a mvula, poti chinyontho ndicho chimawononga nyumba zoterezi. Pomata njerwa zakale gwiritsani ntchito laimu. Simenti imatsekereza chinyontho mkati, njerwa n'kumafumbutuka. Mawindo athabwa akonzeni, chonde musataye.

Zipupa zatsopano zikhale zochotseka. Loweruka kaoneni Constitution Hill, kumene njerwa za ndende yakale anamangira khoti lotsegulidwa mu 2004.