Momwe mungatetezere galimoto yanu kwa mbava, kuyambira tsiku logula

Mwezi wathawu mlamu wanga anadzuka m'mawa n'kupeza galimoto yake ili pomwe anaisiya kunja kwa mpanda, koma batire mulibe, magalasi a m'mbali azulidwa, wailesi yachotsedwa pamodzi ndi nthambo zake. Iye anangoti, "Bola sanaitenge yonse." Ndinamva chisoni, chifukwa munthu amene anapeza mpata wotsegula boneti n'kumasula batire mosathamanga akanatha kupita nayo ndithu. Mbava imayang'ana chinthu chimodzi: itenga mphindi zingati isanaonedwe? Ntchito yanu ndi kuichulukitsira mphindizo.

Kabedwe kake nakonso kasintha. Kale ankathyola loko n'kulumikiza nthambo pansi pa chiwongolero. Masiku ano magalimoto ambiri ochokera ku Japan amaliza ndi batani, ndipo ku Britain ndi ku South Africa mbava zinaphunzira kale kuwanamiza. Mmodzi amaima pafupi ndi khoma la nyumba ndi kachipangizo kotola uthenga wa kiyi amene ali mkati, mnzake amaima pagalimoto ndi kena kolandira. Galimoto imayesa kuti mwini wafika, imatseguka n'kulira. Palinso kachipangizo kotsekereza rimoti: inu mwadina, mwachokapo, koma zitseko sizinakiyike.

Yambirani pogula

Apa ndi pomwe ambiri timagwa. Magalimoto ngati Toyota Hilux, Fortuner ndi Ford Ranger akabedwa ku South Africa amawolotsedwa mtsinje wa Limpopo kulowa ku Zimbabwe, kapena kudutsa m'malire a KwaZulu-Natal kulowa ku Mozambique, ndipo ena amadzathera kuno kwathu ali ndi mapepala achinyengo. Choncho mukamva kuti Fortuner yonyezimira ikugulitsidwa theka la mtengo wake, mwini akuti akufuna ndalama lero lomwe, dekhani kaye.

Tengani blue book, mufananize nambala ya chassis yolembedwamo ndi imene inadindidwa pachitsulo cha galimotoyo. Musadalire kapepala komata. M'magalimoto ambiri nambalayi imapezeka pansi pa boneti, kapena pansi pa kapeti pafupi ndi mpando wakutsogolo. Magalimoto ochokera ku South Africa amakhala ndi zilembo ndi manambala 17, pomwe ambiri a ku Japan nambala yawo imakhala yofupikirapo. Yatsani tochi, mukhudzeponso ndi chala. Pakakhala popalidwa, powotcherera kapena penti yatsopano pamalo okhawo, bwererani ndi ndalama zanu. Zikagwirizana, pitani ndi wogulitsayo kupolisi, kunthambi ya Interpol, akafufuze ngati si yobedwa, kenako ku Road Traffic mukasinthe umwini. Wogulitsa woona sakana ulendo umenewu. Galimoto ikadzapezeka kuti ndi yobedwa, apolisi amailanda, ndalama zanu zapita, ndipo mutha kuyankha mlandu wopezeka ndi katundu wakuba.

Sungani zizindikiro zake

Tsiku lomwelo jambulani nambala ya chassis, ya injini, ndi zipsera zonse monga pomwe bampala inaphwanyika. Nambala ya kunja mbava imasintha m'mphindi zochepa, koma zipsera zimakhala. Blue book ikhale kunyumba. Kuisunga m'galimoto n'kupatsa wakuba katundu ndi chikalata chake chomwe.

Makiyi

Funsani wogulitsa kuti makiyi alipo angati, ndipo akupatseni onse. Kotsukitsa galimoto kapena kugalaja kumene simukuwadziwa bwino, musasiye kiyi tsiku lonse, chifukwa kudulitsa wina sikuchedwa. Ngati yanu ndi yoliza ndi batani, usiku musapachike kiyi kuseri kwa chitseko cha pakhomo kapena pawindo. Muikeni m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro chothina, kuchipinda. Kuti mudziwe ngati chitinicho chikugwira ntchito, pitani nacho pagalimoto kiyi ali momwemo, muyese kutsegula. Ikakana, ndiye kuti zatheka.

Ichedwetseni mbava

Ine ndimakhulupirira zitsulo kuposa alamu. Alamu ikalira usiku m'makwalala mwathu, anthu amangotembenuka pabedi n'kumati ndi mphaka. Koma loko wa chiwongolero, uja wachikasu wooneka patali, amapangitsa wakuba kusankha galimoto ina. Onjezani loko wa giya. Kenako pemphani makaniko wa zamagetsi amene mumamudalira akuikireni kaswitchi kobisika kodula mphamvu yopita ku pampu ya mafuta. Wakuba angakhale ndi kiyi weniweni, injini siilira, kapena ilira pang'ono n'kuzima. Pomwe pali kaswitchiko muzidziwa inu ndi makanikoyo basi, ndipo kasakhale pansi pa chiwongolero pomwe aliyense amayambira kufufuza.

Za zipangizo nazo musaziiwale, pakuti n'zimene zimabedwa kawirikawiri. Wowotcherera akupangireni kachitsulo kopingasa batire kokhala ndi loko. Tayala lililonse likhale ndi nati imodzi yomasula ndi sipanala yakeyake. Magalasi a m'mbali ndi magetsi muwalembetse nambala ya galimoto mozokota, kuti wogula masipeya achite nawo mantha. Ndipo inu mukamasaka sipeya yotchipa yopanda lisiti, kumbukirani kuti mwina inazulidwa pagalimoto ya mnzanu dzulo lomweli.

Tracker

Tracker ndi kachipangizo koonetsa pomwe galimoto ili. Iyi siletsa kuba, koma imathandiza kupeza galimoto ikabedwa. Zambiri zimayendera SIM card, ndiye ikatha ndalama kapena ikatsekedwa, mwangonyamula chidole. Muziyang'ana pafoni kamodzi pamlungu ngati ikuonetsa malo enieni. Ikabisidwe mkati mwenimweni, chifukwa mbava zodziwa ntchito zimayamba kuisaka iyo.

Makhalidwe a tsiku ndi tsiku

Mukadina rimoti, kokani chitseko ndi dzanja musanachoke, kaya ndi kumsika, kutchalitchi kapena kumaliro. Chikwama ndi laputopu zisaoneke pampando. Pobwera kunyumba usiku, imbirani wotsegula geti muli patali kuti musaime nthawi yaitali injini ikulira, ndipo mukaona galimoto ikukutsatirani, pitirirani mpaka pamalo owala pomwe pali anthu. Chakudza sichiimba ng'oma. Akakuopsezani ndi chida, perekani makiyi, musalimbane nawo.

Anyamata a kabaza, mawuwa akukhudzani kwambiri, chifukwa inu amakuberani ndi kukuvulazani komwe. Wokwera wa usiku amene akulonjeza ndalama zambiri kuti mumuperekeze kumalo kopanda nyumba, mukaneni. Ngati mwavomera, anzanu apasiteji amuone nkhope ndipo adziwe komwe mukupita. Njinga yamoto ilembetsedwe, ikhale ndi nambala. Yosalembetsa ngakhale apolisi ataipeza, mudzavutika kutsimikiza kuti ndi yanu.

Ikabedwa

Pitani kupolisi nthawi yomweyo, musadikire kuche. Tengani zithunzi zija ndi blue book, ndipo apempheni adziwitse anzawo a m'malodibuloko ndi m'zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Tracker ikaonetsa pomwe ili, auzeni apolisi, osapitako nokha ndi achibale. Tumizani chithunzi cha galimotoyo m'magulu a WhatsApp a madalaivala, kenako mudziwitse a inshuwalansi ndi lipoti la apolisi m'manja.

Za inshuwalansizi, tulutsani pepala lanu lero muliwerenge. Ngati palembedwa third party yokha, imeneyo imalipira anthu ena amene mwawagunda, galimoto yanu ikabedwa sakupatsani kalikonse. Funsani mtengo wa yophatikizapo moto ndi kuba, kapena wa comprehensive, yomwe imalipiranso galimoto yanu ikaonongeka pangozi, ndipo mufunsenso ngati amafuna kuti muike tracker kapena alamu kuti adzakulipireni.