Mau a ku khoti amene mudzakumana nao pothetsa cikwati mu Zambia

Musanalembe pepala lililonse dziwani kaye kuti cikwati canu ni camtundu wanji, cifukwa khoti imene mudzapitako idalira pamenepo. Ngati munasaina setifiketi kwa Registrar, wolembetsa zikwati wa boma, olo ku chalichi cokhala ndi cilolezo ca boma, cimeneco ni cikwati ca Marriage Act, nkhani yanu ipita ku High Court ndipo lamulo lake ni Matrimonial Causes Act ya 2007. Ngati cinali camwambo, ankhoswe anakhala pansi malowolo anaperekedwa, ndiye ni ku Local Court, ndipo kumeneko loya saloledwa kukuimirirani, mumakamba mweka. Cigamulo cikapanda kukukomerani muli na masiku 30 ocita apilo ku Subordinate Court. Mau ali m'munsimu ambiri ni a ku High Court.

Petition ni pepala lopempha khoti kuti ithetse cikwati. Wopemphayo ni petitioner, mnzake woyankha ni respondent, ndipo ngati pali cigololo munthu wacitatu uja akhoza kuchulidwa kuti co-respondent. Kukhala respondent sikutanthauza kuti ndimwe wolakwa ai, ni dzina cabe la amene walandira mapepala. Ndipo mukawalandira yankhani, osawaponya pansi pa matilesi cifukwa ca mkwiyo, mlandu ukhoza kupitirira imwe kulibe. Petition siloledwa caka cimodzi cisanakwane kucokera tsiku la cikwati.

Manje mau amene anandivuta kwambiri kuwaika mu Cinyanja ni akuti broken down irretrievably. Ine ndalemba kuti cikwati casweka kotheratu, sicingaumbikenso. Ici ndiye cifukwa cimodzi cokha cimene lamulo livomereza, koma khoti siimangomva pakamwa kuti tatopana, ifuna muonetse cimodzi mwa zinthu zisanu. Cigololo, kuphatikizapo kuti simungapirirenso kukhala naye. Khalidwe lakuti munthu sangayembekezeke kukhala nalo m'nyumba imodzi, ici ndiye amati unreasonable behaviour, muli kumenya, ucidakwa, kutukwana, kumana ndalama za cakudya na zina zotere. Desertion, ndiko kuthawidwa kwa zaka 2 zotsatizana. Kukhala kosiyana zaka 2 mnzanuyo atavomera kuti cithe, olo zaka 5 apa ngakhale akane.

Pa cigololo pali msampha umene anthu ambiri sadziwa. Mukadziwa za cigololoco koma mupitiriza kukhala pamodzi kupitirira miyezi 6, simungaimirenso pa cigololo cimeneco. Conco amene anakhululuka nkupirira caka cathunthu afunika kuyang'ana njira ina. Pa nkhanza naponso, sungani lipoti ya kupolisi na mapepala a kucipatala, masiku ake lembani m'kabuku cifukwa pofika ku khoti mutu umakhala utasokonezeka.

Apa ndiye mvetserani bwino. Jaji akakhutira amapereka decree nisi. Anthu akamva cigamulo cimeneci amatuluka m'khoti akuti catha, koma sicinathe, mukali mwamuna na mkazi pamaso pa lamulo. Nisi ni liu la Cilatini lotanthauza kuti pokhapokha, ndiye kuti cikwati cidzatha pokhapokha ngati sipapezeka cifukwa coletsa. Pafunika papite mawiki 6 kuti ikhale decree absolute, ndipo ngati pali ana khoti ifuna ikhutire kaye na makonzedwe a anawo. Decree absolute ndiye imadula cikwati. Osakwatira olo kukwatiwa musanaigwire m'manja, mungagwe mu mlandu wa bigamy, wokwatira olo kukwatiwa mukali pa cikwati cina, umene uli na ndende. Bwererani ku registry, ofesi yosunga mapepala ku khoti, mukatenge pepalalo, citani makope, cifukwa tsiku lina lidzafunika.

Judicial separation yeve siithetsa cikwati, imangokumasulani kukhala nyumba imodzi, kukwatiranso simungathe. Nullity ni pamene khoti yanena kuti cikwatico sicinali covomerezeka, monga ngati wina anali kale pa cikwati cina.

Za ana, custody ni amene adzakhala nao tsiku na tsiku, access ni ufulu wa kholo linalo kuwaona. Khoti iyang'ana ubwino wa mwana, osati amene wapambana mlandu kapena amene analipira malowolo. Maintenance ni ndalama zothandizira ana kapena mnzanu wakale, ndipo bambo olo mai asaganize kuti poti ana sakhala naye ndiye udindo watha. Property settlement ni kagawidwe ka katundu, nyumba, puloti, galimoto. Amai amene simunali pa nchito yamalipiro musadzicepetse, kusunga nyumba na kulera ana khoti imakuwerengera, ndipo mu mlandu wa Chibwe v Chibwe Supreme Court inapatsa mkazi gawo la katundu ngakhale cikwati cinali camwambo. Koma izi sizibwera zokha na cisudzulo, mufunika kuzipempha, ndiye sonkhanitsani malisiti, title deed na mapepala a ku banki nkhani isanafike patali, cifukwa mapepala amayamba kusowa m'nyumba mkangano ukakula. Ngati ndalama ya loya mulibe pitani ku Legal Aid Board, amai muliso na National Legal Aid Clinic for Women, ndipo osasaina consent iliyonse, ndiko kuti pepala lovomereza, musanawerengeredwe na munthu amene ali kumbali yanu.