Kugwiritsa ntchito mankhwala a Chitchaina pa matenda a ALS mosamupweteka wodwala

Apongozi anga aamuna kuno ku Guangzhou, mzinda wa ku China, akudwala ALS, matenda amene amapha pang'onopang'ono mitsempha yolamula minofu. Munthu amayamba kugwetsa kapu ndi kukoka phazi, kenako kulankhula, kumeza ndi kupuma zimavuta. Ambiri amakhala zaka 2 mpaka 5 chiyambireni zizindikiro. Ndine amene ndimawiritsa mankhwala awo m'nyumba muno, ndiye ndikuuzani zoyenera kuchita mukafuna kupita kwa sing'anga wa Chitchaina.

Palibe muzu, khungwa kapena singano imene yatsimikizika kuti imachiza ALS. Ngakhale riluzole, mapiritsi a kuchipatala a ALS amene anavomerezedwa ku America mu 1995 ndipo amamwedwa 50 mg kawiri pa tsiku, amangowonjezera moyo ndi miyezi iwiri kapena itatu. Komabe musamusiye. Zitsamba zibwere pamwamba pa chithandizo cha kuchipatala, ndipo sing'anga wonena kuti musiye mapiritsi ameneyo m'thaweni.

Asing'anga kuno amaika ALS m'gulu la matenda ofoola ziwalo lotchedwa wei zheng, lofotokozedwa m'buku lakale la Huangdi Neijing. Amati gwero ndi kufooka kwa kapamba, m'mimba, chiwindi ndi impso, choncho amakonda kulemba Buzhong Yiqi Tang, msakanizo wa sing'anga Li Dongyuan wa m'zaka za m'ma 1200 wodalira muzu wa huangqi, kapena Dihuang Yinzi ngati lilime ndi miyendo zalemera.

Musalandire phukusi lopanda mayina. Pemphani pepala lolembedwa chitsamba chilichonse ndi magalamu ake, mukamuonetse dokotala wa ubongo ndi mitsempha musanayambe kumwetsa. Pa pepalapo ine ndimasakasaka mayina anayi. Maqianzi ali ndi poizoni wa strychnine amene amakungitsa minofu, ndipo amalembedwa kawirikawiri kwa anthu ofooka ziwalo. Fuzi, amene ali mu Dihuang Yinzi, amasokoneza kugunda kwa mtima akapanda kukonzedwa ndi kuwiritsidwa mokwanira. Heshouwu amatha kuwononga chiwindi, chomwechonso chimene riluzole akuchilemetsa kale, ndiye magazi a chiwindi ayezedwe musanayambe komanso pafupipafupi mukayamba. Gancao amaoneka wofatsa chifukwa ndi wotsekemera, koma akachuluka amatsitsa potaziyamu m'magazi, minofu yofooka kale n'kufookeratu. Gulaninso m'famase ya chipatala chovomerezeka. Ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 amayi ambiri anawonongeka impso chifukwa chitsamba cha Aristolochia chinalowa m'malo mwa china chofanana nacho dzina.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kamwedwe. Mankhwala owiritsa amakhala madzimadzi, ndipo madzi ndi amene amayamba kutsamwitsa munthu amene mmero wake wafooka. Akalowa m'mapapo amabweretsa chibayo. Wodwala akhale tsonga, chibwano chitaweramira pachifuwa pang'ono, ndipo muzimupatsa ndi supuni, osati kumukhuthulira mbale yonse. Akamakhosomola kapena mawu akamamveka onyowa atameza, lekani pomwepo. Ife tinapempha mankhwala aufa, timasungunula ndi kuwakhwimitsa ndi ufa wokhwimitsira zakumwa mpaka akhale ngati phala lamadzi la mwana. Sing'anga akaletsa nyama, mazira kapena mafuta, kambiranani ndi dokotala kaye, poti kuonda kumafulumizitsa matendawa.

Kubaya singano zopyapyala pakhungu mwa Chitchaina (acupuncture), makamaka pamalo otchedwa Zusanli m'munsi mwa bondo, apongozi amati kumawachepetsera kukokana kwa minofu ndipo amagona bwino. Ndimawakhulupirira, ndipo tulo tabwino si chinthu chaching'ono kwa munthu amene sangathe kudzitembenuza pabedi. Koma muuzeni wobayayo asabaye mozama pachifuwa, paphewa ndi kumsana kwa kumtunda, chifukwa minofu ikatha mapapo amakhala pafupi kwambiri ndi khungu. Kuwotcha chitsamba cha aiye pafupi ndi thupi kumatulutsa utsi wambiri, ndiye kupuma kukayamba kuvuta musalole.

Khalani ndi kope. Mwezi uliwonse lembani kulemera kwa thupi ndi mapointi a ALSFRS-R, mafunso 12 okhudza kulankhula, kumeza, kuyenda ndi kupuma, amene onse pamodzi amakwana 48. ALS nthawi zina imaima kaye yokha, choncho sabata imodzi yabwino musaiyese umboni. Pakatha miyezi itatu popanda chosintha pa tulo, chilakolako cha chakudya kapena ululu, siyani msakanizowo.

Ndalama zikachepa, ziyambe zapita ku makina othandiza kupuma a BiPAP ndi chubu chodyetsera cha pamimba, chifukwa makinawo atsimikizika kuti amatalikitsa moyo ndipo chubucho chimateteza kuonda. Funsani dokotala za zonse ziwiri msanga, mapapo akadali ndi mphamvu, poti chubucho chimavuta kuika kupuma kukafooka.