Mmene Mungasamalire Mano Kuti Asafike Pozulidwa

Anthu ambiri amakaonana ndi dokotala wa mano pamene dzino lawasowetsa tulo ndipo tsaya latupa kale, ndipo pofika nthawi imeneyo chimene chimatsala kawirikawiri ndi kulizula basi. Vuto ndi lakuti kuwola kwa dzino sikuyamba ndi ululu. Dzino limatha kubowoka pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka mwiniwake osamva kanthu, ndipo likayamba kuwawa kwambiri ndiye kuti kuwolako kwafika pafupi ndi mtsempha wa mkati. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo limodzi likachoka silimeranso, choncho ntchito yaikulu ndi ya tsiku ndi tsiku, dzino lisanayambe kupweteka.

M'dzino lobowoka mulibe nyongolotsi, ngakhale kuti ambirife tinakula tikumva choncho. Chimene chimachitika ndi chakuti tizilombo tosaoneka ndi maso timakhala m'litsiro lomata limene limaunjikana pa mano, ndipo munthu akadya kapena kumwa chinthu cha shuga, tizilomboti timasandutsa shugayo kukhala asidi amene amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amathandiza kuchotsa asidiyo ndi kulimbitsanso dzino, koma amafuna nthawi. N'chifukwa chake kuchuluka kwa maulendo amene munthu amadya za shuga pa tsiku n'koopsa kwambiri. Amene amamwa tiyi wa shuga wambiri m'mawa, kenaka kudya masiwiti m'njira, kumwa chakumwa chozizira masana, kutafuna nzimbe madzulo ndi kumaliza ndi thobwa lothira shuga usiku, salola mano ake kupuma ngakhale pang'ono. Ngati mukufuna kudya zotsekemera, idyani pa nthawi ya chakudya, ndipo pakati pa chakudya china ndi china muzimwa madzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wowonjezera asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo limati n'kwabwino koposa kumutsitsa kufika pa masipuni aang'ono pafupifupi 6.

Tsukani mano kawiri pa tsiku, kwa mphindi ziwiri nthawi iliyonse. Ambiri amatsuka m'mawa mokha chifukwa choopa fungo la m'kamwa pamaso pa anthu, koma kutsuka kofunika kwambiri ndi kwa usiku musanagone, popeza munthu akagona malovu amachepa ndipo zotsalira za chakudya zimakhala pa mano mpaka kucha. Sankhani mswachi wofewa wa mutu waung'ono, uikeni mopendekeka pamene dzino lakumanirana ndi nkhama, ndipo muziuyendetsa mozungulira pang'onopang'ono m'malo mokwecha mwamphamvu cham'mbali, chifukwa kukwecha koteroko kumaperepesa dzino ndi kubweza nkhama. Yambirani mbali imodzi ya kamwa n'kumalizira mbali inayo, kunja kwa mano, mkati mwake ndi pamwamba potafunira, osaiwala mano akumbuyo kwenikweni ndi lilime. Mswachi ukayamba kuyanzika, kapena ikatha miyezi itatu, gulani wina, ndipo musabwerekane mswachi ngakhale ndi wa m'banja mwanu.

Pogula mankhwala otsukira mano musatengeke ndi fungo kapena dzina, koma werengani pa chubu ngati muli fluoride, amene amalimbitsa chikuto cha dzino. Mankhwala abwino amakhala ndi fluoride wa pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm (ppm ndi muyezo wosonyeza kuchuluka kwa fluoride m'mankhwalawo). Mukamaliza kutsuka, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, chifukwa mukatero mumachotsa mankhwala amene anayenera kutsalira pa mano. Langizo limeneli limawadabwitsa ambiri, koma ndi limodzi mwa malangizo othandiza kwambiri, ndiponso safuna ndalama iliyonse. Kamtengo kotafuna kumapeto kamene makolo athu ankagwiritsa ntchito kamachotsa litsiro ndithu ngati mwini wake afika nako pa dzino lililonse, kungoti kalibe fluoride wokwanira, choncho ngati n'kotheka pakanipo mankhwala pang'ono. Makala, phulusa ndi mchenga zimaoneka ngati zikuyeretsa, koma zimapala chikuto cha dzino chimene sichibwereranso. Pakati pa mano, pamene mswachi sufika, gwiritsani ntchito ulusi wotsukira mano wopezeka m'mafamase, osati singano kapena pini.

Kwa ana, makolo ena amanyalanyaza mano oyamba poganiza kuti adzaguluka ndithu. Mano amenewa, omwe ndi 20, amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo ndi amene amasungira malo mano achikhalire. Yambani kumutsuka dzino loyamba likangotuluka, ndi mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga kufikira atakwanitsa zaka 3, kenaka ochuluka ngati kanyemba kakang'ono, ndipo muzimuthandiza mpaka atafika zaka 7 kapena 8. Musamugoneke ndi botolo la tiyi kapena chakumwa chotsekemera. Dziwaninso kuti mwana akafika zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano oyamba kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda lina kuguluka. Limeneli ndi lachikhalire, ndipo ana ambiri amalitaya chifukwa makolo amaliyesa la ubwana.

Nkhama zikamatuluka magazi potsuka, zimene ambiri amazitchula kuti chiseyeye, musasiye kutsuka pamalopo. Magaziwo kawirikawiri amasonyeza kuti litsiro lakhalitsa m'mphepete mwa nkhama, ndipo mukamatsuka bwino amasiya pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Litsiro likauma n'kukhala ngati mwala, mswachi sungalichotsenso, ndipo pamafunika kuti achipatala alipale ndi zipangizo zawo. Likasiyidwa, matendawa amadya fupa limene limagwira dzino, mpaka dzino labwinobwino losabowoka limayamba kugwedera. Osuta fodya, odwala matenda a shuga ndi amayi oyembekezera ndiwo amavutika kwambiri ndi nkhama, ndipo mayi woyembekezera asaope kupita kwa dokotala wa mano, bola amuuze za pakatipo.

Dzino likayamba kunyenyera mukamwa madzi ozizira kapena mukadya zotsekemera, kapena mukaona kadontho kakuda kamene chakudya chimakakamirapo, imeneyo ndiyo nthawi yopita kuchipatala. Pa nthawi imeneyi dokotala amachotsa mbali yowola n'kumata bowolo, ndipo dzino limagwiranso ntchito kwa zaka zambiri. Kuwola kukafika pa mtsempha, njira yopulumutsira dzino ndi yochotsa mtsemphawo, kuyeretsa ngalande za m'mizu ndi kuzitseka, koma chithandizo chimenechi chimafuna ndalama zambiri ndiponso sichipezeka paliponse. Funsani nthawi zonse ngati dzino lingamatidwe musanavomere kuti lizulidwe, chifukwa mpata wotsala umachititsa kuti mano oyandikana nawo apendekeke, ndipo kuika dzino lochita kupanga n'kokwera mtengo kuposa kumata.

Poyembekezera kuonana ndi dokotala, imwani paracetamol kapena ibuprofen motsatira mlingo wolembedwa, ngakhale kuti ibuprofen si woyenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba ndi amayi oyembekezera, ndipo chukuchani ndi madzi ofunda a mchere. Musaike aspirin pa dzino chifukwa amawotcha nkhama, ndipo musayese n'komwe kuthirapo asidi wa batire, petulo kapena fodya. Kugula amoxicillin mwachisawawa sikuchiritsa dzino lowola, kumangoziziritsa vuto kwa masiku ochepa. Ululu ukasiya wokha musasangalale msanga, popeza nthawi zina zimatanthauza kuti mtsempha wafa ndipo mafinya akuunjikana kunsi kwa muzu. Kutupa kukafika m'khosi kapena pafupi ndi diso, thupi likatentha, kapena mukamavutika kumeza, kupuma ngakhale kuyasamula, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku, chifukwa matenda oterewa amapha.

Dzino likazulidwa, lumani thonje limene akupatsani kwa mphindi pafupifupi 30, ndipo tsiku limenelo musachukuche, musalavule pafupipafupi, musasute fodya kapena kumwa mowa, kuti magazi oundana amene atseka bala asachoke. Kuyambira tsiku lotsatira chukuchani mofatsa ndi madzi ofunda a mchere mukatha kudya. Ngati dzino lachikhalire laguluka lonse pa ngozi kapena pa mpira, ligwireni kumutu osati kumuzu, litsukeni pang'ono ngati lada, ndipo libwezereni m'malo mwake kapena liikeni mu mkaka n'kuthamangira kuchipatala ola lisanathe. Dzino la ubwana lokha ndilo silibwezeredwa.

Mano a mawanga ofiirira amene amaoneka mwa anthu okulira m'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe ndi mbali zina za chigwa cha Shire, si chizindikiro cha uve. Amadza chifukwa cha fluoride wochuluka mwachilengedwe m'madzi a pansi pa nthaka amene munthu anamwa ali mwana, ndipo kukwecha sikungawachotse.

Ku Malawi madokotala a mano akadali ochepa. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Komabe zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali yoona za mano, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma ndi zina za mishoni muli ogwira ntchito ophunzitsidwa za mano. Yesetsani kukapimitsa kamodzi pa chaka ngakhale musakumva ululu, ndipo chilonda chilichonse cha m'kamwa kapena pa lilime chimene chatha milungu itatu osapola mukachionetse mwamsanga, makamaka ngati mumasuta fodya kapena kumwa mowa, chifukwa khansa ya m'kamwa imatha kuyamba motero.