Momwe mungayezere shuga ndi maketoni pakhomo kuno ku Chigwa cha Shire

Kamakina koyezera shuga sikavuta kupeza masiku ano. Chimene chimadya ndalama ndi timapepala take todonthezapo magazi, ndiye musanagule funsani ngati timapepala ta mtundu umenewo timapezeka pafupi. Musadzalipire minibasi ya ku Blantyre chifukwa cha kabotolo kamodzi.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo, mupukute mpaka ziume. Ku Nchalo kuno nzimbe sizichoka m'manja, ndipo timadzi take tikatsalira pachala timakweza nambala, munthu n'kuyamba kulira ali bwinobwino. Bayani m'mbali mwa chala, osati pakatikati, kadontho ka magazi kakhudze kapepala.

Yezani m'mamawa musanadye kanthu, ngakhale thobwa. Nambala ikakhala pansi pa 6.1, zili bwino. Kuyambira 6.1 mpaka 6.9 ndi chenjezo lakuti matenda a shuga ali pafupi. Ikafika 7.0 kapena kuposa, pitani kuchipatala akatsimikize. Makina ena amaonetsa manambala akuluakulu monga 126. Amenewo gawani ndi 18.

Tsopano nkhani ya timapepala, pamene ine ndinaonera zakuda. Mayi anga amabaya insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi. Chaka china mu Okutobala ndinawagulira timapepala totchipa kwa mnyamata wina woyala malonda pamsika, tili padzuwa phwii pambali pa mabatire ndi matochi. Kamakina kankangoti 8, 9, koma mayi akumwa madzi ndowa yonse, usiku kutuluka panja kosalekeza, thupi likutha. Titapita kuchipatala, makina awo anaonetsa shuga atapitirira 20. Timapepala tambiri sitifuna kutentha kopitirira madigiri 30, pamene kuno ku Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje kumadutsa 40. Choncho gulani kufamase, onani deti, kanani kabotolo kotsegula kale kapena timapepala togulitsa kamodzikamodzi m'kajumbo. Pakhomo musatisiye pawindo kapena pafupi ndi malata. Ine ndimaika kabotolo kotseka bwino pansi, pambali pa mtsuko wa madzi akumwa, pamene pamazizirira. Tisanyowe ayi.

Nanga maketoni? Insulini ikachepa m'thupi, shuga amangodzaza m'magazi osalowa m'minofu. Thupi limaona ngati lili ndi njala, chiwindi n'kuyamba kuphwanya mafuta, ndipo zotulukapo ndi maketoni. Akachuluka amasandutsa magazi kukhala a asidi, ndipo munthu atha kukomoka n'kumwalira. Zimakonda kuchitikira obaya insulini, makamaka akadumphitsa jakisoni kapena akadwala malungo, koma ana ena matenda a shuga amadziwikira pomwepa.

Yezani maketoni shuga akafika 14, kapena wodwala akamasanza. Njira yotchipa ndi timapepala ta mkodzo: viikani, dikirani masekondi amene alembedwa pabotolo, yerekezani mtundu. Kapepala kakada n'kukhala kapepo, zinthu sizili bwino. Amene muli ndi makina oyeza maketoni m'magazi, pansi pa 0.6 palibe vuto, kupitirira 1.5 lankhulani ndi achipatala tsiku lomwelo, kupitirira 3.0 thamangirani kuchipatala, musadikire kuti kuche.

Dziwani kuti munthu wosadwala shuga akagona ndi njala, kapena akasala kudya kutchalitchi, maketoni amakweranso pang'ono koma shuga amakhala wabwinobwino. Choopsa ndi ziwirizi zikakwerera limodzi.

Zikatero wodwalayo mumwetseni madzi, osati fanta, ndipo asasiye insulini ati chifukwa sakudya. Akamapuma mothamanga ndi mozama, m'mimba mukupweteka, mkamwa mukutuluka fungo la zipatso zakupsa kwambiri, itanani njinga yamoto mupite naye kuchipatala. Za masamba owiritsa ziiwaleni kaye. Tengani buku lakuchipatala ndi kope lomwe mumalembamo manambala.