Momwe mungakonzere tsiku la mphotho pasukulu yanu kuti asamangowina ana omwewo chaka ndi chaka

Ine ndakhala mu komiti ya makolo pasukulu ina ya boma kuno ku Lusaka kwa zaka zingapo, ndipo chimene chinkandiwawa mtima n'choti tsiku la mphotho likafika, makolo tatchena, ana ayimba nyimbo ya fuko, koma oitanidwa kutsogolo ndi ana atatu omwe aja a chaka chatha, ena onse ntchito yawo kuwomba m'manja basi mpaka zikhatho kuwawa. Nde ndati ndilembe momwe ife tinasinthira zinthu, mwina aticha ndi makolo anzanga a ku Matero, Chawama, Kanyama, Mtendere kaya Bauleni mutolapo kena kake.

Yambani ndi kusankha tsiku musanaganize za china chilichonse. Temu yachitatu ipeweni ngati mungathe, ndi nthawi ya mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso a boma m'Zambia, ana a giredi 12 mitu ili m'mabuku, aticha ena atumizidwa kokayang'anira mayeso, komanso dzuwa la October ku Lusaka simungakhazikepo ana pabwalo, ndipo November ikalowa mvula imagwa nthawi imene yafuna. Ife tinasankha July, chakumapeto kwa temu yachiwiri, kunja kukadali kozizira ndipo zotsatira za mayeso a chaka chatha zili kale mu ofesi. Tsikulo alivomereze a hedi ndipo iwowo ndi amene alembe kalata ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira masukulu m'distirikiti, osati komiti kumangothamanga yokha. Dzipatseni masabata 6 okonzekera.

Komiti ikhale yaing'ono: wachiwiri kwa a hedi, aticha a zamasewera, aticha oyang'anira makalabu, makolo awiri, hediboyi ndi hedigelo. Ana awiriwo musawaike ngati maluwa, afunseni, amadziwa mnzawo amene amatsala kusesa kalasi anzake atathawa, zomwe aticha sadziwa.

Manje apa ndi pamene pagona nkhani, mndandanda wa mphotho. Lembani kaye mayina a mphothozo ndi malamulo ake musanaone dzina la mwana aliyense. Mukayamba ndi mayina a ana mudzamva zoti akondera mwana wa aticha, ndipo manong'onong'o amenewo m'komboni sathera pafupi. Oyamba m'kalasi apatseni, ndi thukuta lawo, wopambana pa phunziro lililonse nayenso alandire, ndipo amene anamaliza giredi 12 ndi mapointi 6 kapena pafupi pamenepo muwaitane abwerenso kuti ang'ono awo awaone ndi maso. Koma musathere pomwepo.

Mphotho imene ine ndimaikonda koposa zonse ndi ya mwana amene wasintha kwambiri. Kupeza kwake n'kosavuta, aticha a kalasi atenge malikisi a temu yachitatu ya chaka chatha aike pambali pa a temu yoyamba ya chaka chino, amene wakwera kwambiri ndi yemweyo. Mwana wochoka pa 30 kufika 55 m'masamu sadzakhala nambala wani mwina mpaka kumaliza sukulu, koma inu mukudziwa zimene zachitika kuti afike pamenepo? Ena mwa ana amenewa amadzuka 5 koloko kukatunga madzi, akaweruka akakhale pakantemba kugulitsa mpaka mdima, homuweki kulembera pa kandulo. Tenganinso rejisita muone amene sanajombe ngakhale tsiku limodzi, ameneyo nayenso apite kutsogolo. Palinso atsikana amene anabereka n'kubwerera kusukulu, paja lamulo lowalola kubwerera lilipo kuyambira 1997. Ngati wina mwa iwo wachita bwino mupatseni mphotho ya kulimbikira, koma kambani naye kaye pambali ndi makolo ake, ndipo pa maikolofoni musatchule za mwana wake, imeneyo ndi nkhani yake.

Zakunja kwa kalasi musaziike kumapeto anthu atayamba kale kunyamuka, zisakanizeni ndi zam'kalasi. Ana a kalabu ya sayansi ya JETS amene anapanga kachipangizo kawo ndi mawaya otola, a drama, ndakatulo, kwaya ndi magule amene amapita ku mipikisano ya NASAAZ (bungwe la zaluso m'masukulu), a dibeti, a chess, mpira wa miyendo, netibo, othamanga, ngakhale aja amathirira repu ndi anyezi m'dimba la sukulu. Makolo ambiri timati izi n'zotayitsa nthawi, nanenso ndinkatero. Koma Barbra Banda wobadwira mu Lusaka momwe muno anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, ndipo Muzala Samukonga anatibweretsera mendulo ya bronze pa mtunda wa mamita 400 ku Paris mu 2024, nde mwana amene amasiya anzake kumbuyo pabwalo lafumbi lija tisamuone ngati wosewera chabe. Ndipo pa timu musangopatsa wogoletsa zigoli, goloboyi ndi uja sajomba ku tireningi muwakumbukire.

Za ndalama tsopano. Chiyambire January 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere ndipo ndalama za PTA, zimene makolo ankasonkha ku bungwe la makolo ndi aticha, zinathetsedwa, choncho musalembe kalata yoti kholo lililonse libweretse zakutizakuti, mudzaika a hedi m'mavuto. Pemphani mwaufulu, amene ali ndi K10, K50, kapena mabolopeni paketi imodzi abweretse. Yendani m'mashopu ozungulira sukulu ndi kalata yodindidwa sitampa ya sukulu, lembani pa gulupu ya WhatsApp ya amene anaphunzira pamenepo kale, mudzadabwa anthu mmene amakondera sukulu yawo yakale akangouzidwa bwinobwino. Ndalama zonse zilowe pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena MTN, ndipo msungichuma alembe m'buku ngwee iliyonse ndi dzina la wopereka.

Pogula mphotho ganizirani chimene mwana akagwiritse ntchito Lolemba. Mabuku olembamo, mathematical set, kalikuleta kwa a sekondale, chikwama, nsapato za sukulu, jombo za mpira, dikishonale. Nyale ya sola ndi mphotho yabwino kwabasi chifukwa magetsi akathima nyumba yonse imapindula. Tumani anthu awiri ku Kamwala akagule zambiri pamodzi, mtengo umatsikako, ndipo abwere ndi malisiti. Kapu yonyezimira gulani imodzi kapena ziwiri zokhala pasukulu. Koma setifiketi aliyense alandire yake, ndipo apa basopo ndi mayina. Chaka china ife tinalakwitsa chilembo chimodzi pa dzina la mtsikana wa giredi 6, anaimirira kutsogolo akuyang'ana pepala lija osamwetulira, kenako anandinong'oneza kuti aunty ili si dzina langa. Mpaka lero zimandipweteka. Musanapite kokapulinta, mwana aliyense alembe yekha dzina lake papepala ndipo aticha a kalasi asainire.

Makolo a ana olandira muwatumizire kakalata sabata imodzi tsikulo lisanafike, ambiri ndi ogulitsa ku msika wa Soweto kapena City Market, ena ndi ogwira ntchito m'mayadi, amafunika kupempha nthawi kapena kupeza wowasungira malo.

Tsiku lenilenilo pulogalamu isapitirire maola awiri ndi theka. Yambani 9 koloko ndendende kaya mlendo wolemekezeka wafika kaya sanafike. Ife tinadikirapo mlendo wina mpaka 12 koloko ana ali pansi pabwalo opanda kanthu m'mimba, wina wa giredi 3 anakomoka, kuchokera tsiku limenelo tinagwirizana kuti mlendo akachedwa a hedi ayamba kupereka, iye adzapeza zili mkati. Ndipo mlendo sikuti akhale wandale nthawi zonse ayi, nesi, makanika kapena injiniya amene anakhalapo pa madesiki omwewo ana amamumvera kwambiri. Zolankhula zikhale zitatu basi, mphindi 5 aliyense. Pakatipakati ana omwewo asangalatse anthu, kwaya, ndakatulo, chitelele, ngoma ya Angoni, kalela, paja m'kalasi imodzi ya mu Lusaka muli mitundu yonse. Onani ndandanda ya magetsi dzulo lake ndipo pakhale sipika ya batire kapena jenereta, madzi akumwa m'mabakete ovindikira, zimbudzi zotsuka, ndipo ana ang'onoang'ono akhale pamthunzi kutsogolo.

Woitana mayina asathamange ngati akuwerenga rejisita. Atchule dzina, anene m'mawu ochepa chimene mwanayo wachita, ndipo kholo kapena womulera apite naye limodzi kutsogolo. Chaka choyamba titachita zimenezi, mnyamata wina wa giredi 5 amene chaka chapitacho sankatha kuwerenga anaitanidwa pa mphotho ya wosintha kwambiri. Agogo ake ogulitsa tomato anadzambatuka kumbuyo kwenikweni ndi nthungululu, chitenje chatsopano chikadali ndi sitika ya m'shopu, anavina njira yonse mpaka kutsogolo, atafika anamasula mfundo ya pakona ya chitenje n'kutulutsa K5 yopindapinda kumuika mdzukulu wawo m'thumba la shati, aticha ake a kalasi anatembenukira kukhoma akupukuta misozi.

Zithunzi jambulani, koma funsani makolo musanaike nkhope ya mwana pa Facebook ya sukulu. Ana amene anadwala kapena kujomba tsikulo, mphotho zawo zisagone mu kabati ya a hedi, apatsidwe pa asembule ya Lolemba anzawo akuona. Lolemba lomwelo mayina onse a olandira amatidwe pa notisibodi pamodzi ndi pepala la msungichuma losonyeza ndalama zimene zinalowa, zimene zinagulidwa ndi zimene zatsala, kope ina muitumize pa gulupu ya makolo.