Kuyeza ndi sikelo mmene phazi likupondera poyenda ndi ndodo

Munthu wothyoka mwendo, wochitidwa opaleshoni ya m'chiuno, kapena wotupa bondo ndi nyamakazi, nthawi zambiri amauzidwa kuti "muzipondera pang'ono." Koma pang'ono wa wina ndi makilogalamu 10, wa wina ndi 50. Musanachoke kwa a fiziyo (achipatala ophunzitsa odwala masewero olimbitsa ziwalo), kaya ndi ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, funsani nambala yeniyeni: phazi lodwalalo lisenze makilogalamu angati, kwa milungu ingati? Akulembereni m'kabuku ka kuchipatala. Nambalayo amapereka ndi achipatala okha. Ntchito ya sikelo ya kunyumba ndi kuzoloweretsa phazi kuti lisamaipitirire.

Pezani sikelo yodziyezera ya muvi. Ya batire ija imadikira kuti munthu aime chilili kenako n'kutseka nambala imodzi, pomwe inu mukufuna kuona muvi ukukwera ndi kutsika pamene mukuponda. Iyeseni kaye ndi chinthu chodziwika kulemera kwake: thumba la ufa la makilogalamu 25 losatsegula, kapena chigubu chodzadza malita 20 a madzi, chimene chiyenera kuonetsa 20 ndi kanthu pang'ono ka chigubucho. Ikani sikelo pa simenti yosalala, osati pa mphasa kapena pa dothi, chifukwa pofewa imanama. Ngati pansi munapakapo polishi, igundikizeni kukhoma kuti isatsetsereke.

Chimene ambiri amaiwala ndi thabwa. Phazi labwino liponde pa thabwa lotalika mofanana ndi sikelo. Likakhala pansi, thupi limapendekera kumbali yabwinoyo, muvi n'kuonetsa nambala yochepa, munthu n'kumaganiza kuti akuchita bwino. Mabuku osanjikiza musagwiritse ntchito, amaterera.

Tiyerekeze kuti agogo amalemera makilogalamu 70 ndipo alembereredwa 20. Dziwani kuti kungoima mowongoka ndi mapazi onse awiri, phazi lililonse lasenza kale 35. Ndiye kuti ngakhale poimirira kusamba m'manja akhoza kupitirira muyezo osadziwa. Aime atagwira ndodo zawo ziwiri kapena choyendera cha miyendo inayi, phazi lodwala pa sikelo, labwino pa thabwa. Asamutse thupi pang'onopang'ono mpaka muvi ufike pa 20, akhale pomwepo masekondi 5, abwerere. Kakhumi. Wowerenga muvi akhale mwana kapena mdzukulu atagwada pambali, chifukwa agogo akawerama kuti aone okha, kulemera kumasuntha.

Gawo lachiwiri ndilo lofunika kwambiri. Agogo ayang'ane kukhoma, aponde mpaka pamene akumva kuti afika, anene kuti "apa." Wothandizayo ayankhe zoona: "Agogo, mwafika 32, bwererani." Abwereze mpaka alondole kasanu motsatizana osaphonya ndi makilogalamu opitirira 3 kapena 4. Zikatheka, ayese kudutsa: ndodo zitsogole, phazi lodwala liponde pa sikelo, manja akanikize ndodo, phazi labwino lidutse n'kukaponda pa thabwa loikidwa kutsogolo. Apa muvi umalumpha kuposa poima, chifukwa poyenda chidendene chimagunda pansi mwamphamvu. Mankhwala ake ndi kufupikitsa sitepe ndi kukanikiza manja phazi lisanafike pansi, osati pambuyo pake.

Phazi silichedwa kuiwala. Chitani izi m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, makamaka madzulo, pamene manja atopa ndipo munthu wayamba kutsamira mwendo osazindikira.

Muvi ukamapitirirabe, yang'anani ndodo. Munthu ataima manja ali lende, chogwirira chifike povala wotchi, kuti chigongono chipinde pang'ono. Ndodo za m'khwapa zisiye mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pansi pa khwapa. Wotsamira khwapa amapana mtsempha, dzanja n'kuchita dzanzi mwinanso kulefuka osadzuka. Woyenda ndi ndodo imodzi aigwire kudzanja la mbali yabwino, iziponda limodzi ndi mwendo wodwala. Ndodo imodzi ndi ya wololedwa kale kuponda kwambiri, siingachotse theka la thupi pa phazi. Mphira wa kunsi kwa ndodo ukatha musinthe msanga, pakuti misewu yotsetsereka ya m'Chipata nyengo ya mvula siikhululukira ndodo yoterera.

Sikelo imanena kuchuluka kwake, koma sinena malo amene phazi likuponderapo. Nyowetsani phazi, pondani pa katoni youma ndi muyezo womwewo, muone chidindo. Chidendene, mphepete yakunja, patsinde pa zala ndi zala zonse zioneke. Ngati paoneka zala zokha, munthuyo akuopa kutsitsa chidendene, ndipo katumba adzauma. Ngati mwadinda mphepete imodzi yokha, kaonetseni a fiziyo katoniyo pamodzi ndi nsapato zimene wodwalayo amavala, poti kutha kwa chidendene cha nsapato nakonso kumanena zambiri. Mapatapata asiyeni pa nthawi ya masewerowa, valani nsapato yogwira chidendene.

A matenda a shuga asamale koposa, chifukwa phazi lawo likhoza kupanikizika osamva kupweteka. Akavula nsapato ayang'ane kuphazi ndi kalilole. Malo otentha, osintha mtundu kapena otuluka thuza ndi chifukwa chosiyira masewero ndi kukaonetsa.

Wa nyamakazi akamva ululu wopitirira maola awiri atamaliza, mawa lake achepetse. Koma katumba akatupa ndi kutentha, bala la opaleshoni likayamba kutuluka mafinya, mwendo ukaoneka wafupika kapena wapotoka, kapena munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.